Kodi azitona ndi ndani? Sabata imodzi ku Portugal ndi ku Spain

Lolemba, Lisboa

Tatera masana mvula ikuwaza. Ine ndi mayi akunyumba tapempha tchuthi cha sabata imodzi kuti tithaweko chisanu cha ku Leeds, ku England kumene tikukhala. Ulendowu ndi wawo, ine ndangobwera ngati wonyamula zikwama. Koma usiku uno ndapeza changa chochita.

Tinalowa m'kanyumba kodyera ku Alfama, dera lakale la timisewu tokwera ndi totsika. Tisanaitanitse kalikonse, mnyamata anatiikira buledi ndi kambale ka tizipatso tobiriwira tonga masawu osapsa. Mayi akunyumba anakulira ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique, ndiye Chipwitikizi cha pamsika anachitola ali mwana. Anamufunsa mnyamatayo dzina la tizipatsoto.

"Azeitonas," iye anatero.

Dzanja langa linaima m'malere. Mawu amenewo ndinawamva koyamba kwa agogo anga aamuna, mkulu wa mpingo, akuwerenga Buku Lopatulika pa kuwala kwa koloboyi. Phiri la Azitona. Ine ndinkayesa kuti azitona ndi anthu. Nanga si timati azibambo, azimayi, azilongo? Ndiye azitona anali mtundu wa anthu, mmodzi ndi tona, ambiri azitona. Ndinkawaona m'maganizo atavala mikanjo yoyera, atakhala pamwamba pa phiri longa la Nkhoma. Nditakula ndinadziwa kuti ndi mtengo, koma sindinafunsepo kuti dzinalo linachokera kuti. Lero ndalimva m'kamwa mwa mzungu amene sanamvepo za Nkhoma.

"Mwadya angati azitona anuwo, abambo?" anandifunsa mayi akunyumba akuseka. Ndinadya onse. Pa bilu tinawapeza atalembedwa. Mbale imene simunaitanitse kuno si yaulere.

Lachiwiri, Azeitão

Tatenga galimoto yahayala, tawoloka mtsinje wa Tejo pa mlatho wofiira wa 25 de Abril. Kuyendetsa mbali yakumanja kwandituluka thukuta. Azeitão ndi tauni yaing'ono patsinde pa mapiri a Arrábida, ndipo ndinaisankha chifukwa cha dzina basi. Chodabwitsa n'chakuti masiku ano imatchuka ndi tchizi cha mkaka wa nkhosa komanso vinyo. Azitona anangotsala pa chikwangwani ndi m'minda ingapo.

Usiku wadzulo sindinagone msanga, ndimafufuza za mawu aja oti azeitonas, ndipo nkhani yake ili motere. Mawuwa si Achipwitikizi enieni. M'chaka cha 711 gulu la nkhondo la Asilamu, lotsogozedwa ndi Tariq ibn Ziyad, linawoloka kuchokera kumpoto kwa Africa, ndipo Chiarabu chinakhala chilankhulo cha boma ndi cha msika kuno kwa zaka mazana angapo. Lisboa anabwerera m'manja mwa mfumu yachikhristu, Afonso Henriques, mu 1147, dera la Algarve mu 1249. Olamulira anachoka, mawu awo anatsala m'khitchini. Mpunga ndi arroz, shuga ndi açúcar. Alfama yemwe tinadyako dzulo uja ndi al-hamma, kasupe wa madzi otentha.

Aarabu chipatsochi amati zaytun, chimodzi zaytuna, mafuta ake zayt. Kutsogolo amaikako kamawu kawo al, koma l akakumana ndi z amamezedwa, n'kumveka az-zaytuna. Apwitikizi anangotenga mtolo wonse osamasula, n'kukhala azeitona. Choncho a amene ine ndinkamuyesa a waulemu wa azibambo ndi kamawu ka Chiarabu komwe kanakakamira pa dzina ngati chisoso pa thalauza.

Kuchokera apa njira yofikira kwathu siivuta kuiona. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo m'chigwa cha Zambezi ndimo tinatolamo nsapato, kalata, mbatata, kapitawo ndi kachasu. Azitona akuyenda nawo pa mzere umenewo. Akanakhala kuti anadzera kwa Aswahili, bwenzi tikunena kuti zeituni, popanda a kutsogolo, monga mmene amanenera ku Zanzibar. Njira imeneyonso inafika kwathu, koma inadzera m'mayina a anthu. Atsikana otchedwa Zaituni alipo ambiri kwa abale athu achisilamu ku Mangochi ndi ku Machinga.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Pa Chihebri, chinenero cha Chipangano Chakale, mtengowu ndi zayit, mbale wake weniweni wa zayt wa Chiarabu. Ndiye kuti anthu amene anamasulira Buku Lopatulika, lija linatuluka lathunthu mu 1922, atafika pa nkhunda ya Nowa ndi tsamba lake kukamwa, anaika mawu amene ndi mdzukulu wa mawu omwewo a m'malemba oyambirira. Mdzukuluyo anangochedwa m'njira. Anadzera ku Arabia, ku Morocco, ku Lisboa, anazungulira nyanja mpaka ku Zambezi, kenako n'kukapeza agogo ake atamudikira pa Genesis 8.

Lachitatu, Moura

Lero ndachita manyazi. Titadutsa Évora minda ya azitona inayamba, ndipo mwezi uno wa Novembala ndi nthawi yokolola. Ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu, ndinathyola kamodzi kakuda, kakupsa bwino, n'kuponya m'kamwa. Abale anga, ndulu imachepa. Lilime linauma, milomo inakwinyika, ndinalavula mpaka misozi.

"Safunsa anadya phula," anatero mayi akunyumba, osatsika n'komwe m'galimoto.

Azitona wa mumtengo sadyedwa. Ali ngati chinangwa chowawa chija cha kondowole, amafunika kuviikidwa kaye. Amawatema kapena kuwaphwanya pang'ono, n'kuwasiya m'madzi masiku angapo akusintha madziwo, kenako m'madzi amchere ndi adyo. Obiriwira ndi akuda si mitundu iwiri ayi, ndi chipatso chimodzi, china chathyoledwa chachiwisi china chakupsa, monga mango.

Ku Moura tinakaona nyumba yakale yoyengera mafuta ya Lagar de Varas do Fojo, yomwe tsopano ndi malo osungirako zakale. Muli miyala ikuluikulu yoperera zipatso pamodzi ndi nthangala zomwe. Phala lake ankalipakira m'timadengu tafulati tolukidwa ndi udzu, n'kutisanjikiza, kenako n'kutsitsirapo chimtanda cholemera. Madzi ndi mafuta zinkatsikira m'mbiya, mafuta n'kuyandama pamwamba. Ndinakumbuka agogo aakazi akuyenga nsatsi: kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kenako kuyengula pamwamba ndi chipande. Nzeru yake ndi imodzimodzi. Ndipo ndili chiimire pafupi ndi chimtandacho mpamene ndinamvetsa dzina la Getsemane. Ndi gat shemanim, moponderamo mafuta. Munda uja wa patsinde pa Phiri la Azitona unali malo a ntchito ngati ano, onunkha phala la zipatso.

Bambo wachikulire amene tinacheza naye pa benchi panja anandiphunzitsa zinthu ziwiri kudzera mwa womasulira wanga wa ku Lizulu. Choyamba, munthu wochenjera kuno amamunena kuti fino como o azeite de Moura, wosalala ngati mafuta a ku Moura. Chachiwiri, anandidzudzula nditatchula mafuta a mpendadzuwa kuti azeite. Ayi, amenewo ndi óleo. Azeite ndi a azitona okha. Nanga mtengo wake? Ine ndimayembekezera dzina loyamba ndi az. Iye anati oliveira. Dzina lomwe lija la mabanja ambiri a ku Mozambique.

Apa mpamene ndinazindikira kuti mitsinje imene mayinawa anachokera ndi iwiri. Chipatso ndi mafuta zili ndi dzina la Chiarabu, mtengo uli ndi dzina la Chilatini. Nafenso tili chimodzimodzi osadziwa. Agogo ankawerenga Phiri la Azitona, ana athu m'Mabaibulo atsopano akuwerenga Phiri la Olivi, ndipo ambiri sadziwa kuti ndi phiri limodzi.

Madzulo tinadutsa ku damu la Alqueva, limene linayamba kusunga madzi mu 2002. Kumeneko azitona sali ngati mitengo. Anabzalidwa mothithikana m'mizere yodulidwa ngati tiyi wa ku Thyolo, amathiriridwa ndi mapaipi, ndipo chimakina chimayenda chitatang'adza mzere n'kumakolola. Sindinakukonde. Mtengo umenewu umatha kukhala zaka zikwi, ndipo ku Mouriscas kuli wina umene akatswiri anauwerengera zaka 3,350. Kuuona utasandutsidwa mpanda kunandimvetsa chisoni, ngakhale kuti mwini munda angandiyankhe kuti chisoni sichilipira ngongole.

Lachinayi, Olivenza

Tsiku lalifupi, mvula tsiku lonse. Tawoloka mtsinje wa Guadiana kulowa mu Spain popanda wotifunsa pasipoti. Tauniyi inali ya Portugal kuyambira 1297, Spain anailanda mu 1801, ndipo mpaka lero Apwitikizi sanavomereze. Iwo amalemba Olivença, eni ake atsopano Olivenza. Misewu yapakati ili ndi mayina awiriawiri, la Chisipanishi ndi la Chipwitikizi. Mayi akunyumba akuti zawakumbutsa kwawo, kumene munthu amagula tomato m'dziko lina n'kukaphikira m'dziko lina.

Lachisanu, Córdoba

Tili m'njira, kanyali kofiira kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Tinapatukira pa galaja ya m'mudzi wina. Makaniko anatsegula kutsogolo, anasolola kachitsulo koyezera, anapukusa mutu n'kunena mawu amodzi: "Aceite."

Ndinaseka mpaka anandiyang'ana modabwa. Bambo wa ku Moura uja akanakomoka. Kuno ku Spain az-zayt anakula mpaka anameza mafuta onse, a mpendadzuwa, a chimanga, ngakhale oyilo wakuda wa mu injini. Akafuna kunena a azitona enieni amati aceite de oliva, mawu a Chiarabu ndi a Chilatini atagwirana manja, onse awiri akuloza mtengo umodzi.

Tsono oliva anachokera kuti? Kwa Agiriki. Iwo mtengowu ankati elaia, mafuta ake elaion. Pa timapale tadongo ta ku Knossos ndi ku Pylos, tolembedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo, mawuwa alipo kale, alembi a mfumu akuwerengera mitsuko ya mafuta. Nthawi imeneyo pakati pa mawuwa pankamveka w, elaiwa. Aroma anawabwereka w asanagwe, ndiye chifukwa chake Chilatini chili ndi oliva. Ndipo elaion anasanduka oleum.

Oleum ameneyu ndi mayi wa ana ambiri. Ataliyana amati olio, Afalansa huile, Ajeremani Öl, Angerezi oil, ife n'kutolapo oyilo. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean mafuta anali a azitona basi, ndiye mafuta ena onse atabwera anangolowa m'dzina lomwelo. Ngakhale a pansi pa nthaka anawatcha petroleum, mafuta a m'thanthwe, kumene kunachokera petulo. Mukadzagonanso pa mzere wa petulo ku Lilongwe, dziwani kuti mawu amene mukutukwanawo anamera pa mtengo wa azitona.

Ife mawu athu ndi mafuta, ndipo ndi athuathu. Aswahili ndi Ashona amanena chimodzimodzi, Azulu amafutha. Sanachokere ku mtengo umodzi ayi. Mafuta a nkhumba, a nsatsi, odzola, ophikira, a galimoto, onse ndi mafuta. Pamenepa sitinabwereke kwa munthu.

Ku Córdoba tinafika dzuwa litapendeka. Tinalowa mu Mezquita, mzikiti umene Abd al-Rahman woyamba anayamba kumanga cha m'ma 785, womwe pakati pake anadzamangapo tchalitchi. Ena alemba zambiri za nyumbayi, ine ndingoti khosi linandipweteka ndi kuyang'ana m'mwamba. Mtima wanga unali pa mtsinje. Guadalquivir ndi al-wadi al-kabir, mtsinje waukulu, koma Aarabu asanabwere Aroma ankautcha Baetis, ndipo pamadzi amenewa pankayenda ngalawa zodzaza mitsuko ya mafuta kupita ku Roma. Mitsuko ikatha ntchito ankaiphwanya n'kuiunjika malo amodzi. Dzala limenelo lilipobe mumzinda wa Roma, ndi phiri la mamita pafupifupi 35 lotchedwa Monte Testaccio, ndipo mapale ake ambiri ndi ochokera m'chigwa chino.

Ndiye Aarabu sanabweretse mtengowu kuno. Anaupeza, dzina lake lilipo kale. Nanga bwanji dzina lawo linapambana pa chipatso ndi mafuta, n'kulephera pa mtengo? Ine maganizo anga ndi akuti mtengo umakhala kumunda ndi mlimi, koma chipatso ndi mafuta zimapita kumsika, ndipo kumsika amalamula dzina ndi wogula ndi wokhometsa msonkho. Mayi akunyumba akuti ndikuganiza ngati mwana wa mlimi wa fodya.

Loweruka, Jaén

Sindinaonepo zotere. Kuchoka ku Córdoba kulowera kum'mawa, phiri lililonse, chigwa chilichonse, mpaka pomwe maso alekezera, ndi mizere ya azitona, masamba otuwa ngati awazidwa phulusa. Eni ake amati ndi nyanja ya azitona. Chigawo cha Jaén chokha chili ndi mitengo yoposa 60 miliyoni, ndipo palibe dera lina padziko lapansi limene limatulutsa mafutawa kuposa kuno. Mtundu wofala ndi picual, wa kansonga kumapeto. Mafuta ake atsopano ndi obiriwira, amakanda pakhosi mpaka kutsokomola. M'mawa amathira pa buledi wootcha, n'kupakapo tomato ndi kamchere, kadzutsa watha.

Mwini nyumba imene tikugona ali ndi munda, ndipo anatilola kupita nawo kokolola. Amayala maukonde pansi pa mtengo, wina amagwedeza nthambi ndi makina onyamula paphewa, ena amakwapula ndi ndodo zazitali. Zipatso zimagwa ngati matalala. Tsiku lomwelo ziyenera kufika ku almazara, koyengera mafuta, dzina linanso la Chiarabu lochokera ku mawu oti kufinya. Zikagona pamulu zimayamba kusasa ndipo mafuta amatsika mtengo. Lita imodzi imadya makilogalamu asanu a zipatso, kapena kuposerapo ngati zathyoledwa msanga.

Ndinafuna kuonetsa nzeru zanga zatsopano, ndiye ndinaloza mtengo n'kunena kuti olivo. Mwini munda anapukusa mutu. Kuno ku Jaén mtengo amautcha oliva, chipatso aceituna. Koma ku Barcelona, iye anatero, oliva ndi chipatso. Ndinangokhala chete.

Pa nthawi ya nkhomaliro tinakhala pansi pa mtengo ndi aganyu. Ambiri ndi obwera, monga ife ku Leeds. Ndinatola kachipatso kamodzi n'kumafunsa aliyense dzina lake. Mnyamata wa ku Morocco anati zitun, mafuta zit. Nditamuuza kuti kwathu, kum'mwera kwenikweni kwa Africa, timati azitona, anandigwira dzanja ngati wapeza m'bale wake. Mnzake, yemwe ndi wa mtundu wa Amazigh wa kumapiri, anati kwawo kuli dzina lawolawo lakale, azemmur, ndipo ku Morocco kuli tauni yotchedwa Azemmour. Mayi wina wa ku Romania anati măsline. Ameneyu ndi mtsinje wachitatu. Mawuwa anachokera ku maslo, mafuta pa zinenero za Asilavo, ndipo Aserbia ndi Abulgaria amati maslina. Anthu amenewa anatcha chipatso dzina la mafuta, pamene Agiriki ndi Aroma anatcha mafuta dzina la chipatso. Zimatengera chimene chinayamba kufika pakhomo panu, mtengo kapena botolo.

Kumalire kwa munda kunali kamtengo ka tizipatso ting'onoting'ono, kokhala ngati chitsamba. Mwini munda anati ndi acebuche, azitona wakuthengo. Apwitikizi amati zambujeiro. Mizu yake ndi yolimba, ndiye alimi akale ankamezanitsapo nthambi ya azitona wabwino, monga timachitira ndi mango. Ndinakumbuka ulaliki wa agogo pa Aroma 11, pamene Paulo akunena za nthambi ya azitona wakuthengo yomezanitsidwa pa mtengo wabwino. Mlimi aliyense wa kuno angakuuzeni kuti zimenezo n'zobwerera chammbuyo, palibe amachita choncho. Paulo ankadziwa, n'chifukwa chake akunena yekha kuti zinachitika mosemphana ndi chilengedwe. Agogo ankalalikira ndime imeneyi asanauonepo mtengowo, ndipo ankaifotokoza ndi mandimu ndi malalanje. Sanalakwitse.

Msana ukundipweteka. Ndinagwira ndodo ola limodzi lokha.

Lamulungu, Tarifa

Ulendo wautali kutsikira kum'mwera, mpaka pamene Ulaya wathera. Mphepo ya kuno imachotsa chipewa kumutu. Kutsidya, makilomita 14 okha, mapiri a Morocco akuoneka bwinobwino. Patha zaka zitatu ndisanaone nthaka ya Africa, ndipo ndinakhala pa mwala nthawi yaitali osalankhula. Sitima yopita ku Tangier inanyamuka tikuona. Apa ndiye pakhwalala pamene az-zaytuna anawolokera.

Ku Tangier komweko ndi kwawo kwa Ibn Battuta, mkulu woyendayenda amene anabadwa mu 1304 ndipo anafikapo mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ku Tanzania. Atapita ku China anatera pa doko lalikulu limene amalonda achiarabu ankalitcha Zaitun. Iye analemba modabwa kuti mumzindamo mulibe azitona ngakhale mmodzi. Mzindawo ndi Quanzhou, ndipo eni ake ankautchanso Citong chifukwa cha mitengo ina ya maluwa ofiira yobzalidwa mozungulira linga. Khutu la Mwarabu linamva Citong n'kukokera ku mawu amene linkawadziwa. Nsalu yosalala yochokera kumeneko inatchedwa zaituni, ndipo ambiri amati ndiko kunachokera dzina la satini, nsalu ya madiresi a ukwati. Nditawerenga zimenezi ndinadzikhululukira za azitona anga ovala mikanjo pa phiri la Nkhoma. Ngati amalonda oyenda nyanja zonse anamva azitona pamene panalibe, kuli bwanji mwana wa sitandade 2.

Madzulo ndinaimbira mayi anga pa WhatsApp. Ndinawaonetsa botolo limene tagula ku Jaén, ndi kanthambi kamene ndinathyola ku Moura.

"Amayi, awa ndi azitona aja a m'Baibulo la agogo."

Anayandikitsa nkhope pa foni. "Timasamba take n'tating'ono chonchi? Ndiye nkhunda ija sinavutike kunyamula."

Ndinayamba kuwafotokozera za Aarabu, za Apwitikizi, za Tete. Anandimvetsera pang'ono, kenako anandidula.

"Zimenezo udzandiuza ukadzabwera. Mafutawo ndi odya kapena odzola?"

"Zonse ziwiri, amayi."

"Ndiye usatsegule. Mawondo anga akundivuta, ndipo abusa akhala akufunafuna enieni odzozera odwala. Aja amagulitsa m'timabotolo kumsika aja ndikuwakayikira, amanunkha mpendadzuwa."

Mawa tikwera ndege ku Málaga. Botolo silingaloledwe m'chikwama cha m'manja, ndiye mayi akunyumba alikulunga m'zitenje ziwiri n'kuliika pakati pa zovala zanga, osati zawo.